Adada ankati NY ndi Nyasaland

Chipewa cha NY ndinayamba kuchiona pamutu pa adada mu Disembala 2009. Anatsika nacho basi pa Jenda pochokera ku Joni, ali ndi zikwama ziwiri zamizeremizere zija, wailesi yatsopano ndi fungo la pefyumu lomwe linakhala m'nyumba mwathu mpaka Pasaka. Ndinawafunsa kuti zilembo ziwiri zolowanazo zikutanthauza chiyani. Osamwetulira n'komwe, anati: "Nyasaland."

Ndinakhulupirira. Ndinali ndi zaka 12, ndipo munthu amene wabwera ndi shuga, Sunlight ndi nsapato zako za Khirisimasi sumutsutsa.

Patangopita masabata ochepa, pa 11 Januwale 2010, adada anandigwira dzanja kupita nane ku video show ina pa Embangweni. Jenereta inkalira kuseri, mkati tinapanikizana ngati matumba a chimanga. Flames inkasewera ndi Algeria ku Luanda, Algeria yomwe inali itagula kale tikiti ya World Cup chaka chomwecho. Russell Mwafulirwa anagoletsa. Elvis Kafoteka anawonjezera ndi mutu. Davie Banda anadzatseka nkhani. 3-0. Pachigoli chachitatu adada anaponya chipewa chija m'mwamba, chinakagunda malata n'kugwera kutsogolo, ndipo zinatitengera nthawi kuti tichipeze pansi pa mapazi a anthu. Chinatuluka chili fumbi lokhalokha. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa zinthu ziwiri: kuti mpira ndi matenda anga, komanso kuti NY ndi chipewa cha anthu okonda dziko lawo.

Chachiwiricho ndinadzachita nacho manyazi ku koleji. Mnzanga wa mchipinda, mwana wa ku Area 47, anaseka mpaka kugwa pabedi. "Aise, iyo ndi New York Yankees. Ya baseball." Ndinangoti ndimadziwa, ndimangocheza. Usiku ndinakafufuza pa foni mobisa. Zoonadi. Ndipo mu Novembala 2009, mwezi umodzi adada asanatsike basi ija, a Yankees anali atangotenga chikho chawo cha nambala 27. Adada ankayenda ndi chipewa cha akatswiri a masewero omwe sanawaonerepo ngakhale mphindi imodzi. Pitani pa msika wa Mzimba boma tsiku lililonse, muwerenge zipewa za NY ndi LA pamitu ya anyamata a kabaza, kenako mufunse mmodzi kuti baseball amasewera anthu angati. Mudzandiuza.

Koma sindingawaseke, chifukwa nanenso ndili chimodzimodzi. Ndine wa Maule. Ndinabadwira kum'mwera kwa Mzimba, makilomita oposa 500 kuchokera pa Kamuzu Stadium, ndipo Bullets ndaionerapo ndi maso anga kawiri kokha. Komabe ikagonja sindidya bwino. Neba akapambana ndimazimitsa data.

Anzanga a ku Blantyre amadabwa kuti zimatheka bwanji. Yankho lake ndi wailesi. Kwathu timapemphera, timakangana ndi kufunsira m'Chitumbuka, pa Hora nthawi ya Umthetho timavina ingoma n'kumadzitcha Angoni, koma mpira unatipeza ukuyankhula Chichewa. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa MBC mpaka 1994. Adada anakulira m'zaka zimenezo. Loweruka masana ankakhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pakhutu, akumva za Bata Bullets ndi Kinnah Phiri. Sankadziwa kuti Ndirande ili mbali iti ya Blantyre, koma osewera onse ankawatchula pamtima. Ndale za chiyankhulo zija amadana nazo mpaka lero, mukawayamba sangakusiyeni. Koma timu yomwe inabwera ndi wailesi yomweyo anaikumbatira, n'kutipatsira ife ana awo ngati chimfine. Mpaka pano adada amayankhula Chichewa pa zifukwa ziwiri zokha: akakumana ndi wapolisi pa rodibuloko, ndi pomwe oyimbira wakana penate ya Maule.

Ndiye poti ndine sapota, ndili ndi maganizo, ndipo mundilole ndiwakhuthule.

Loyamba lindiwawa ndekha. Bullets itatenga ligi kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, ndinasangalala chaka chilichonse, makamaka 2023 pomwe Kalisto Pasuwa anasesa zikho zonse zinayi. Koma pansi pamtima ndinkadziwa kuti ligi yomwe mwini wake amadziwika isanayambe ndi ligi yodwala. Silver Strikers itatilanda mu 2024 ndinatukwana sabata yathunthu, kenako ndinavomereza kuti zinali zofunika. Musakauze anzanga.

Lachiwiri ndi ili. Chiyambireni Super League mu 1986, palibe timu ya kumpoto yomwe inatengapo ligi. Palibe. Chonsecho tangoganizani komwe kumachokera miyendo. Gabadinho Mhango, yemwe pa 25 Januwale 2022 anaponya mzinga uja kuchokera kutali n'kumusiya goloboyi wa Morocco akuyang'ana kumwamba, kwawo ndi ku Chiweta, ku Rumphi. Tabitha ndi Temwa Chawinga kwawo ndi ku Rumphi. Tabitha anatsogola pa omwetsa zigoli mu ligi ya Italy ali ku Inter Milan, Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya America mu 2024 ali ku Kansas City Current n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mpira wa kuno uli ngati tomato wa pa Jenda. Timalima ife, timathirira ife, koma akangopsa, lole yafika, wapita ku Lilongwe.

Lachitatu: mawu oti "pulofeshonolo" timawagwiritsa ntchito mopepuka kwambiri. Onani eni ake a matimu athu. Moyale Barracks, Kamuzu Barracks, MAFCO ndi Red Lions ndi za asilikali. Blue Eagles ndi ya apolisi. Silver ndi ya Reserve Bank. Civil Service United dzina lake likunena lokha. Kwa mnyamata wambiri, mwayi waukulu womwe mpira ungamupatse si mpirawo ayi, koma yunifomu: alembedwe usilikali kuti mwendo ukadzathyoka malipiro asadzaime. Matimu awiri aakuluwo amakhalira dzina la amene wawagwira dzanja nyengo imeneyo. Ife takhalapo Bata, Total, Bakili, Nyasa, FCB. Neba wakhalapo Limbe Leaf, Telecom, MTL, Be Forward, Mukuru. Lomalizali linkandipweteka mwapadera, chifukwa ndi pa Mukuru pomwe adada ankatumizira fizi yanga. Zinali ngati digiri yanga ili pachibale ndi Manoma.

Dzina la Bakili lija likutifikitsa ku ndale. Mu 2004, ndi ndalama za Bakili Muluzi, Bullets inatulutsa Orlando Pirates n'kufika m'magulu a CAF Champions League. Adada amakamba chaka chimenecho ngati chaka cha mvula yabwino. Koma ndalama zija zitaphwa, timu inabwerera kukapempha. Mu 2019, chisankho chili pafupi, Peter Mutharika analonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers masitediyamu. Masapota anavina. Ine ndinali m'gulu la ovinawo, ndisaname. Andale a zipani zonse anatiphunzira kalekale: sapota wa mpira ndi munthu amene anazolowera kukhulupirira kuti chaka chamawa zikhala bwino. Voti yotereyi ndi yotchipa.

Kumudzi kuno ndale za mpira zimabwera ndi dzina loti bonanza. Ndipo apa ndi pomwe mng'ono wanga akulowera m'nkhaniyi, chifukwa zonse ndalembazi ndimangozungulira, nkhani yeniyeni ndi iyeyo.

Mng'ono wanga ali ndi zaka 21. Amamenya ndi mwendo wamanzere. Mpaka Fomu 2 ankasewera wopanda nsapato pa bwalo la pulayimale, pomwe mbali ina ndi yotsetsereka moti timu yomwe yasankha bwino chigawo choyamba imakhala yapambana kale. Sindikunena chifukwa ndi m'bale wanga: mwanayu mpira umamumvera. Akaulandira, amakhala ngati ali ndi nthawi yambiri kuposa ena onse m'bwalomo. Azimayi ogulitsa zitumbuwa amasiya mabeseni awo kukaima pamzere akamva kuti walowa.

Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisanachitike, munthu wina wofuna uphungu anakhazikitsa bonanza m'dera lathu. Matimu a m'midzi, mayunifomu atsopano okhala ndi nkhope yake pamsana, zokuzira mawu, magule, zonse. Pa fainolo mng'ono wanga anagoletsa ziwiri, chachiwiri cha friikiki yomwe anthu akuikambabe pa chigayo. Bwana uja anamukweza dzanja pamaso pa khwimbi la anthu n'kunena kuti mwana uyu ndimutengera ndekha ku timu yaikulu. Anthu anaimba nthungululu. Amama analira. Ndalama ya mphoto atagawana timu yonse, aliyense anapeza yokwana bandulo ya mwezi ndi sopo. Chisankho chitadutsa, nambala ya bwana uja inasiya kupezeka.

Ndinalowererapo ine. Ndinamuuza kuti andale asiye, tichita tokha. Ndinamva kuti timu ina ya mu ligi yaikulu ikuyesa osewera atsopano, ndinakongola ndalama ku banki mkhonde ya amama, ndinamugulira nsapato za pa kaunjika zooneka bwino, n'kumukweza basi. Anakapeza anyamata ochuluka moti aliyense ankapatsidwa mphindi zochepa chabe. Iye anadutsa. Anamuuza kuti abwerenso, n'kubweranso, n'kubweranso. Anakhala masabata atatu akugona pabalaza kwa msuweni wathu, akuyenda wapansi kupita ku tirening'i, nthawi zina atangomwa tiyi wopanda chomwera. Pamapeto pake anamuuza kuti amufuna, ayambire ku timu yachiwiri. Malipiro a pamwezi palibe, koma kangachepe timu ikapambana. Pogona adzionere yekha.

Ine ndinalumpha ndi chimwemwe. Iye anabwerera kumudzi.

Tinakangana madzulo ena pakhonde, adada ali chete pampando wawo. Ndikumasulira kuchokera m'Chitumbuka, ndipo ukali wake wina utayika panjira.

"Chaka chimodzi chokha," ndinatero. "Upirire chaka chimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Akulu," anatero, "fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chaka chimodzicho ndizidya chiyani? Feteleza wa chaka chino agula ndani?"

Ndinayamba kumuuza za Gabadinho, kuti nayenso anayambira pansi. Anandidula.

"Gaba anakathera kuti? Si ku Joni komweko?"

Ndinasowa chonena, chifukwa ankanena zoona. Ernest Mtawali, John Maduka, Patrick Mabedi yemwe anafika povala lamba wa ukaputeni ku Kaizer Chiefs, Esau Kanyenda asanapite ku Russia, Gabadinho yemwe anamwetsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu 2019/20: onsewa makwerero awo analoza kum'mwera. Maloto aakulu a wosewera wa ku Malawi ndi ulendo womwewo womwe agogo anayenda ndi Wenela kupita ku migodi Kamuzu asanauletse mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ulendo womwewo womwe adada anayenda kukasamalira maluwa a azungu. Kusiyana kwake n'koti wina amakwera ndege ndipo wina amadutsa pa Beitbridge mtima uli m'mwamba.

Kenako ananena mawu omwe sanandichokebe m'mutu. Sanakweze mawu.

"Inu munapirira zaka zinayi ku koleji. Tonse tinapirira nanu. Ndiye pano?"

Pano ndimaphunzitsa pa sukulu ina yapulaiveti pa boma, malipiro ake amabwera mwini sukulu akakumbuka. Ma envelopu a khaki omwe ndatumiza ku Lilongwe ndinasiya kuwerenga. Ma rand omwe adada ankatumiza ankayamba ndi fizi yanga, zotsala n'kugawana ena onse. Mng'ono wanga analemba Fomu 4 pa sukulu yoyendera yopanda labu chifukwa ndalama ya sukulu yogonera inali kwa ine. Sanadandaulepo. Adada anabwerako mu 2021 msana utakana, ndipo chiyambire pamenepo nyumba yathu, ya malata ndi matailosi ngati nyumba zambiri za kuno zomangidwa ndi ndalama za ku Joni, ilibe munthu kunja. Ku Mzimba nyumba yopanda munthu ku Joni ili ngati ngolo yopanda ng'ombe. Munthu woyenera kukoka ngoloyo ndinali ine. Ndipo ine ndinali pakhonde, ndikuuza mwana wa zaka 21 kuti akagone ndi njala mutauni kuti ine ndidzamve dzina lathu pa wailesi.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinayamba kuwerenga za baseball, mwina chifukwa chipewa chija chinali pa msomali moyang'anizana nane. Ndi masewero omenya kampira kolimba ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi, anthu 9 mbali iliyonse. Malamulo ake sindinawamvetse onse, ndisakunamizeni. Koma zinthu ziwiri zinandigwira.

Choyamba, ligi yawo yaikulu ili ndi matimu 30 ndipo iliyonse imasewera magemu 162 pa chaka. Timu yoopsa kwambiri imagonjabe ka 50 kapena 60. Ife ligi yathu ya matimu 16 ndi magemu 30 basi, ndipo kochi akagonja atatu otsatizana masapota timakamudikirira pageti. Kenako timayamba kunena kuti neba anakwirira zinthu pagolo, osewera n'kumalowa m'bwalo podumpha mpanda kuopa kudutsa pakhomo. Anthu amene amagonja ka 60 pa chaka alibe nthawi yofunafuna sing'anga. Amakonza timu.

Chachiwiri ndi makwerero. Timu iliyonse yaikulu ili ndi matimu ake ang'onoang'ono m'magawo anayi, kuyambira pansi mpaka pafupi ndi pamwamba, ndipo mnyamata akasainidwa amadziwa kuti waima pa sitepe iti. Sikuti ndi paradizo. Kwa zaka zambiri anyamata a m'munsimo ankalandira ndalama yochititsa manyazi, mpaka analowa m'bungwe la osewera mu 2022 n'kuyamba kukambirana malipiro. Ambiri safika pamwamba. Ku Dominican Republic, komwe matimu onse 30 ali ndi malo osulira ana, anyamata amasainidwa ali ndi zaka 16 ndipo ochuluka amabwezedwa kwawo opanda sukulu. Nawonso ndi tomato wa pa Jenda. Koma pali bedi, pali chakudya, pali pepala losainirana.

Ndipo ndinapeza dzina la Gift Ngoepe. Mnyamata wa ku South Africa amene anakulira m'kachipinda ka pa bwalo la baseball ku Randburg, komwe mayi ake ankagwira ntchito yosesa. Randburg yomweyo yomwe adada amaitchula akamakamba za mabwana awo. A Pittsburgh Pirates anamusaina mu 2008. Anakhala m'matimu a m'munsi zaka zoposa 8, ndipo pa 26 Epulo 2017 anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi yaikuluyo. Ndinafuna kuthamangira kuchipinda kwa mng'ono wanga kukamuonetsa: waona, kupirira! Koma ndinadzigwira. Ngoepe anapirira zaka zonsezo chifukwa panali pomwe waponda. Ine ndinkauza m'bale wanga kuti akwere makwerero omwe masitepe ake apansi kulibe.

Ndiye maganizo anga omaliza monga sapota ndi awa, ndipo akupita kwa a FAM, a SULOM ndi aliyense amene amavala suti m'dzina la mpira. Musatiuze za kupita ku World Cup. Tiuzeni kuti mnyamata wa ku Khosolo, ku Luwerezi kapena ku Mabulabo amene wadutsa mayeso a timu agona kuti Lolemba, adya chiyani Lachiwiri, ndipo bondo likathyoka Loweruka alipira chipatala ndani. Timu yomwe singayankhe mafunso atatuwa isamatchedwe ya pulofeshonolo. Ndipo inu a bonanza, chaka chopanda chisankho mpira umaseweredwanso.

Mng'ono wanga ananyamuka mwezi watha. Tinagulitsa ng'ombe imodzi kuti tilipire pasipoti ndi thiransipoti. Tinamuperekeza pa Jenda m'mawa kuli chisanu chija cholowa m'mafupa, azimayi akuyala kumene tomato ndi anyezi m'mbali mwa M1. Amama anamupatsa nkhuku yootcha ndi malangizo okwana anthu asanu. Adada sanayankhule zambiri. Anamuuza kuti mapepala ake aziyenda nawo pathupi nthawi zonse, kuti akamva phokoso mu lokeshoni asatuluke kukaonerera, ndipo asadzaone mkati mwa Lindela. Iwo anaziona za 2008 ndi 2015 ndi maso awo, sakonda kuzikamba. Kenako anavula chipewa chija, chomwe pano chinasuluka mpaka kukhala chotuwa, n'kumuveka.

"Ukudziwa tanthauzo lake?" anamufunsa.

"Nyasaland, adada."

Anandiyang'ana onse awiri, kudikira kuti wa digiri atsutse. Ndinangoti, "Yewo."

Ndinali nditaona kale kuti nsapato za mpira zija sizili pa msomali pomwe zimakhala. Sindinamufunse. Basi itafika ndinamuthandiza kukweza chikwama, ndipo ndinamva timano ta nsapatozo tikundibaya m'dzanja kudzera pansalu.

Pano akugwira ntchito yotsuka magalimoto. Ndalama yoyamba watumiza sabata yatha, amama agula matumba awiri a feteleza n'kubweza ngongole ija ya ku banki mkhonde, yomwe inali yanga. Lamlungu amasewera ndi Amalawi anzake pa bwalo lina pafupi ndi komwe akukhala, akuti theka la timuyo ndi la ku Mzimba konkuno ndipo m'bwalo amaitanizana mpira m'Chitumbuka.

Loweruka lapitali, hafu pasiti thu, ndinali pansi pa mango ndi adada, wailesi ili pakati pathu. Foni inalira. Voice note ya masekondi anayi, kumbuyo kukumveka madzi a paipi.

"Akulu, data yanga yatsala pang'ono. Maule ikutani uko?"

Ndinayandikitsa foni pa wailesi n'kumujambulira mphindi imodzi yathunthu.